Funsani Amalume: A pamwamba akuswa matailosi, ine tulo tathawa

Amalume,

Ndine mayi wa kwa Kachindamoto ku Dedza, koma chino ndi chaka changa chachisanu ndi chimodzi ndili kuno ku Joni. Ndimachita lendi fulati ya chipinda chimodzi ku Yeoville, pansanjika yachitatu, ndipo timakhala atatu: ine, mwana wanga wa zaka 4 ndi mng'ono wanga. Ntchito yanga ndi yosamalira agogo pamalo ena osungirako okalamba. Ndimalowa 7 koloko madzulo n'kuweruka 7 koloko m'mawa, ndiye tulo tanga ndi tamasana.

Fulati ya pamwamba pathu idagulidwa ndi munthu wina amene sindidamuonepo ndi maso. Masabata atatu apitawa kudabwera amisiri. Chiyambireni, ndikangoti ndigoneke mutu, nyundo yayamba: gu! gu! gu! Ikaleka nyundo, chalira chimakina chodulira chija cholasa m'mano. Makapu m'kabati amachita kuvina. Lamulungu lapitali adayamba 7 koloko m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Lachiwiri usiku ndidasinza chiimirire kuntchito, mbale ya phala la agogo ili m'manja, ndipo sisitala wamkulu adandiona.

Ndidagogodapo kudenga ndi mpini wa tsache, sadamve n'komwe. Woyang'anira nyumba akuti si nkhani yake. Alandilodi amawerenga mauthenga anga pa WhatsApp koma zii, amangotulukira pakutha pa mwezi. Tsopano ndaona kamng'alu kudenga la kubafa. Mng'ono wanga akuti tiitane apolisi. Mnzanga wina akuti tidikire eni ake adzalowe, tidzawabwezere ndi wailesi usiku. Ndichite chiyani ntchito isanandithere?

NaPhiri, Yeoville

Zikomo NaPhiri. Ndiyambe ndi kuulula: munthu amene mukumutukwana mumtimayo ndine. Zaka zambiri ndidadya nsima ya matailosi ku Joni komweko, kuyambira ku Berea mpaka m'mafulati a anthu olemera ku Killarney, ndipo amayi amene ndidawalanda tulo ndi nyundo yanga sindingawawerenge. Ndiye ndikuyankhani ngati munthu amene adakhalapo pamwamba pa denga lanulo, mawondo ali pasimenti, fumbi lili mbuu m'ndevu.

Tsache lija lisiyeni. Mmisiri amene akuswa konkire samva ngakhale mnzake amene waima pambali pake, nanji kugogoda kwa mpini. Mungoboola pulasitala ya alandilodi, dipoziti yanu n'kupita.

Chimene chimachititsa kuti phokosoli likupwetekeni chonchi n'chakuti silidutsa mumpweya ngati la minibasi za pamsewu. Denga lanu ndi pansi pa mnzanuyo ndi silabu imodzi ya konkire, yolumikizana ndi zipilala za nyumba yonse. M'konkire phokoso limathamanga pafupifupi kakhumi kuposa mumpweya, ndipo silifooka msanga. N'chifukwa chake kutseka mawindo sikuthandiza kanthu, n'chifukwa chakenso makapu akuvina. Munthu wa pansanjika yoyamba akhoza kulumbira kuti akuswa khoma la chipinda chake, pamene ntchito ili nsanjika zitatu pamwamba pake. Sungani mfundo imeneyi, chifukwa ikutanthauza kuti ovutika si inu nokha m'nyumbamo.

Tsopano mawu owawa, ndipo ndi bwino muwamve kwa amalume anu osati kwa loya. Lamulo la dziko mulimolo silidziwa kuti kuli anthu ogona masana. Malamulo a zomangamanga, National Building Regulations, pa gawo F6, amaletsa makina osokosa Lamulungu ndi pa holide ya boma. Loweruka amawalola kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo, masiku ena onse 6 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo. Werengani nokha: maola amene lamulo lapatsa nyundo ndi omwewo amene thupi lanu likufuna tulo. Pa Lamulungu lija adalakwa, palibe kukambirana. Koma Lachiwiri 10 koloko m'mawa, ngakhale mutapita kwa ndani, adzakuuzani kuti munthu ali ndi ufulu wokonza nyumba yake. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima: m'nyumba zosanjikizana, lero akonza uyu, chaka chamawa uyo.

Choncho musataye mphamvu kufunafuna munthu woti akaletse ntchitoyo. Chimene mungapeze, ndipo ndi chimene chingapulumutse ntchito yanu, ndi ndondomeko: kudziwa kuti aswa tsiku liti, maola ati, ndipo atha liti. Ine ndidaona kuti munthu amapirira phokoso la masiku anayi akauzidwa kuti ndi anayi. Chimene chimapengetsa ndi kugona uli tcheru, osadziwa kuti nyundo igwa nthawi yanji.

Ndondomekoyo ili m'mutu mwa kapitawo, osati mwa mwini fulati. Kwerani masitepe nthawi ya 1 koloko, pamene akhala pazidebe za penti akudya buledi ndi Coca-Cola. Musapite makina akulira, ndipo musapite mutangodzutsidwa, maso ali psu. Perekani moni, funsani kuti kapitawo ndi uti. Musadabwe mukayankhidwa m'Chichewa kapena m'Chitumbuka, chifukwa ntchito ya matailosi ndi penti ku Joni yadzaza anyamata akwathu, a ku Zimbabwe ndi a ku Mozambique. Mukatero musayambe ndi dandaulo. Funsani mafunso a ntchito: kuswa kwatsala masiku angati? Makoma otema kuti alowetse mapaipi ndi mawaya atsala angati? Matailosi akudulira kuti?

Ndikuuzeni mmene ntchitoyi imayendera kuti asakunamizeni. Gawo loopsa ndi loyamba, kuchotsa matailosi akale ndi guluu wake. Bafa ndi khitchini, anyamata awiri olimbikira, ine sindinkapitirira masiku anayi. Kenako kutema makoma ndi gilayinda, chija mukuti cholasa m'mano, tsiku limodzi kapena awiri. Pambuyo pake pamabwera masiku abata: pulasitala, mankhwala otchinga madzi kubafa, kudikira simenti kuti iume. Kuyala matailosi atsopano sikusokosa kupatula podula, ndipo kudula kungachitikire panja kapena ndi chodulira chapamanja chimene chimangoti khwa, basi. Pomaliza ndi makabati, pamene amaboola khoma pang'onopang'ono, ndi penti, imene ilibe mawu. Ndiye mukati nyundo yalira masabata atatu, pali ziwiri: mwina akuchotsa matailosi a fulati yonse ndi tchizulo chapamanja chifukwa bwana akuumira kubwereka makina, kapena akugwetsa khoma. Chachiwirichi tibwererako.

Mukamva ndondomeko, perekani pempho limodzi lokha, looneka, lotheka. Musanene kuti "muzichepetsako phokoso", mawu amenewo mmisiri sadziwa pogwira. Nenani kuti: "Masiku amene ndachokera kuntchito, ndisiyireni kuyambira 8 koloko mpaka 12 koloko. Muswe masana onse mmene mungafunire." Muwapatse masiku anu a sabata imeneyo papepala. Kapitawo wanzeru amakhala ndi ntchito zambiri zachete zoti adzaze nazo m'mawa: kukweza matumba a simenti, kutsitsa zinyalala, kuyeza, kupaka pulasitala. Sataya kanthu. Maola anayi si tulo tokwanira kwa munthu wosenza agogo usiku wonse, koma anayi osadukiza ndi abwinoko kusiyana ndi tulo todzidzimuka. Mukaonjezera ola limodzi kapena awiri akaweruka, musananyamuke, mufika kuntchito muli munthu.

Mudziwenso chifukwa chimene adabwerera Lamulungu. Ambiri mwa anyamatawa salipidwa patsiku, amalipidwa ntchito ikatha. Tsiku lililonse loonjezera ndi thiransipoti yotuluka m'thumba mwawo. Ine ndidagwirapo Lamulungu ambiri, osati chifukwa cha mwano, koma chifukwa kwathu fetereza ankadikira. Sindikuti zili bwino. Ndikuti mukalankhula nawo mukudziwa zimenezi, mupeza pogwirizana: inu mukufuna athe msanga, iwonso akufuna athe msanga.

N'chifukwa chake maganizo a mng'ono wanu sindikugwirizana nawo kuti muyambire pamenepo. Nkhani za phokoso ku Johannesburg zimagwera apolisi a mzinda, a JMPD, ndipo akabweranso Lamulungu muli ndi ufulu wonse wowaimbira. Koma taganizani amene akamupeze pamalopo. Mwini fulati ali kutchalitchi kapena ku Sandton. Wokwera galimoto ya apolisi ndi mnyamata wa ganyu, mwina mapepala ake sali bwino, ndipo ntchito idzaima theka, n'kubwera gulu lina kudzayambiranso. Mwaonjezera masabata, mwapezanso adani pamasitepe. Chenjezani kaye: "Lamulungu lamulo sililola, likubwerali ndidzaimba foni." Ambiri amamva.

Za wailesi ya usiku sindichedwapo. Usiku inu mumakhala kuntchito, wovutika ndi mwana wanu yemwe, ndipo wolakwira malamulo adzakhala inu.

Tsopano mapepala, chifukwa ku Joni pakamwa pokha sipatsegula chitseko. Mwanena kuti fulati ya pamwamba idagulidwa payokha. Zimenezi zikusonyeza kuti nyumba yanu ili pansi pa dongosolo la sectional title, pamene fulati iliyonse ili ndi mwini wake koma masitepe, denga lalikulu ndi makoma akunja ndi za onse. Eni mafulati onse pamodzi amapanga bungwe lotchedwa body corporate, limene limasankha ma trustee, anthu ochepa oyendetsa zinthu m'malo mwa onse, ndipo nthawi zambiri amalemba kampani yoyendetsa nyumbayo. Dzina la kampaniyo kawirikawiri limakhala pachikwangwani pafupi ndi geti kapena pa lifiti. Woyang'anira nyumba sadaname kwenikweni ponena kuti si nkhani yake, iye ndi wa makiyi ndi mabini. Koma nambala ya kampaniyo ali nayo, mufunseni imeneyo.

Lamulo loyendetsa nyumba zotere, Sectional Titles Schemes Management Act la 2011, limaletsa mwini fulati kugwiritsa ntchito malo ake m'njira yosautsa wokhala m'fulati ina. Wokhala, osati mwini yekha, ndiye inu a lendi mulimo. Kuonjezera apo nyumba iliyonse imakhala ndi malamulo ake a khalidwe, ndipo nyumba zambiri zimene ndidagwiramo zinali ndi maola othina kuposa a boma: kuyamba 8 koloko, kuleka 5 koloko, Loweruka mpaka 1 koloko, komanso kupempha chilolezo kwa ma trustee ntchito isanayambe. Malamulo amenewa alandilodi amayenera kuwaphatikiza ku mgwirizano wanu wa lendi, lamulo la za lendi, Rental Housing Act la 1999, limatero. Kafufuzeni m'chikwama cha mapepala. Ngati mulibe, limenelo ndi pempho loyamba kwa alandilodi, ndipo ndi pempho lovuta kulizemba.

Kuyambira lero gulani kope. Tsiku, nthawi imene phokoso layamba, nthawi imene latha, mtundu wake. Jambulani ndi foni mphindi imodzi, kapu ya madzi ili patebulo ikunjenjemera. Kenako lembani kalata yaifupi kwa kampani yoyendetsa nyumba, ina yofanana kwa alandilodi, pa imelo kuti pakhale umboni wa tsiku. Musalembemo mkwiyo, kalata yaukali imawerengedwa mzere umodzi. Mafunso atatu okwana: kodi ntchitoyi idavomerezedwa ndi ma trustee, maola ololedwa ndi ati, ndipo itha liti? Pansi pake tchulani Lamulungu lija ndi tsiku lake. Mukatha gogodani kwa aneba a m'mbali ndi a pansi panu. Kumbukirani silabu ija: aliyense akuvutika payekha, akuganiza kuti ndi iye yekha. Mayina asanu pakalata imodzi amadzutsa ma trustee kuposa makalata asanu a munthu mmodzi, mutu umodzi susenza denga, ndipo pano denga lake ndi la konkire.

Akakhala chete, pali ofesi ya boma yoweruza mikangano ya m'nyumba zotere, Community Schemes Ombud Service, imene anthu amangoti CSOS. Idayamba kugwira ntchito mu 2016, imalandira madandaulo ngakhale a munthu wa lendi, ndipo ili ndi mphamvu yolamula kuti khalidwe losautsa lileke. Koma adzakufunsani ngati mudayesa kaye kuthetsa nkhaniyo m'nyumba mwanu momwemo, ndiye apa ndi pamene kope ndi maimelo aja adzagwire ntchito. Ndisakunamizeni: nkhani ikamafika poweruzidwa, matailosi adzakhala atayalidwa kale ndipo eni ake akuonera TV. Phindu lake lalikulu ndi dzina lakelo. Kulitchula mwaulemu m'kalata yachiwiri kumasonyeza kuti mayi wa pansanjika yachitatu amadziwa njira.

Alandilodi anu ndi membala wa body corporate, mawu awo ndi olemera kuposa anu, ndipo kukhala chete kwawoko ndi ulesi chabe. Mukhoza kuwapempha kuti akuchotsereniko lendi ya mwezi uno, ndipo akakana kumva chilichonse pali Rental Housing Tribunal ya Gauteng, imene imamva nkhani za alandilodi ndi a lendi kwaulere. Chimodzi chokha ndikukuletsani: musadule lendi panokha. Mukangotero nkhani imatembenuka, phokoso limaiwalika, wokhala ndi ngongole ndinu.

Tibwerere ku kamng'alu, chifukwa kunena zoona ndi kamene kandidetsa nkhawa kuposa tulo. Kajambuleni lero, muike ndalama yachitsulo pambali pake kuti kukula kwake kuoneke, ndipo lembani ndi pensulo pamene kathera mbali zonse ziwiri. Pakatha masiku atatu muonenso. Kamng'alu kopyapyala ngati tsitsi nthawi zambiri ndi pulasitala chabe imene yagwedezeka. Koma kakamatalika, kapena mukaona banga lachikasu, penti ikutupa, madzi akudontha pafupi ndi babu, musadikire kalata: imbani foni tsiku lomwelo, ndipo magetsi a kubafa muzimitse.

Ndikunena izi chifukwa ndidachitapo. Chaka china ku Berea, ndikuthamangira kumaliza bafa Loweruka madzulo, tchizulo changa chidakhudza paipi ya madzi otentha imene idakwiriridwa mu simenti. Kabowo kake kosaoneka ndi maso. Ndidayala matailosi pamwamba, ndidalandira ndalama zanga, n'kupita. Patatha masabata awiri, denga la agogo ena a pansi lidayamba kulira misozi, zovala m'kabati zonse nkhungu. Agogowo adali ndi mwayi umodzi: mdzukulu wawo adajambula dengalo ntchito isanayambe. Popanda chithunzi chimenecho bwana wanga akadati banga lidalipo kale, ndipo ndikumudziwa, akadatero. Tidaswanso bafa lonse, masiku ena anayi a nyundo, ndipo theka la ndalama zanga lidathera pomwepo. Mpaka lero ndikamva fungo la nkhungu ndimakumbuka nkhope ya agogo aja.

Malire a fulati yanu ndi ya pamwamba, mwa lamulo, amadutsa pakati penipeni pa silabu. Theka la pansi ndi la alandilodi anu. Auzeni zimenezi, muone ngati sayankha WhatsApp. Munthu amene samva za tulo ta mlendi amamva msanga za katundu wake. Ndipo ngati mutapeza kuti akugwetsa khoma, funsani m'kalata muja ngati pali mapulani ovomerezedwa ndi khonsolo komanso injiniya amene adaona. Khoma lina ndi logawa zipinda chabe, lina lasenza nsanjika za pamwamba. Nyumba zambiri za ku Yeoville ndi zakale, si zoti munthu azingochotsamo khoma chifukwa waona khitchini yotambasuka pa Facebook.

Za masiku otsalawa: gulani timasiponji totsekera m'makutu ku famase kapena kogulitsa zipangizo zomangira, n'totchipa. Muzitipota kaye ndi zala, kukoka khutu m'mwamba, n'kulowetsa, osangoika pakhomo pa khutu monga amachitira ambiri. Timadula kulira kwa gilayinda bwino ndithu, koma kugunda kwa nyundo kumadutsabe chifukwa kumabwera kudzera m'bedi. Kokani bedi lisagunde khoma, ikani mphira kapena bulangete lopinda pansi pa miyendo yake, yatsani fani kuti phokoso lake losalekeza likwirire linalo. Mwana, ngati ali pakhomo masana, mng'ono wanu azituluka naye nthawi yoswa, ndipo pansi pa chitseko ikani thaulo lonyowa chifukwa fumbi la simenti ndi matailosi si labwino m'mapapo. Masiku awiri kapena atatu oopsa aja, kapitawo akakuuzani, kagoneni kwa mnzanu wa kutchalitchi amene amagwira ntchito masana. Bedi lake limakhala lopanda munthu nthawi yomwe inu mukulifuna.

Sisitala wamkulu uja muuzeni nokha zimene zikuchitika, asanakuitaneni. Muonetseni kanema wa kapu yonjenjemera uja, ndipo mupemphe kuti masiku anu opuma agwere pamasiku oswa.

Amalume

Amalume, ine ndine wa mbali inayo. Ndimayala matailosi ku Bellville, ku Cape Town. Bwana amatituma kugwira Lamulungu m'mafulati, ndipo otukwanidwa pamasitepe ndife, iye kulibe. Sabata yatha bambo wina adatithira madzi. Ndikakana, ganyu ithe.

Mmisiri, Bellville

Mphwanga, madziwo ndidawalawapo, anga adali otsukira mbale. Usakane ntchito, kana makina. Muuze bwana kuti Lamulungu uyala, uthira simenti ya m'mizere, ukweza katundu, koma gilayinda ndi nyundo zidikira Lolemba chifukwa gawo F6 likuletsa, ndipo ma trustee akakwiya akhoza kukutsekerani geti, ntchito n'kuchedwa sabata yathunthu. Bwana samva chisoni, koma kuchedwa amakumva. Loweruka dula matailosi onse a m'mphepete uwaike manambala kumbuyo, kuti mawa lake ungoyala.

Ndipo tsiku loyamba pantchito iliyonse, usanatsitse chida m'galimoto, gogoda pa fulati ya pansi ndi za m'mbali. Nena dzina lako, masiku amene muswe, ndipo funsa ngati muli wodwala, khanda kapena wogwira ntchito usiku. Upemphenso kujambula denga lawo la kubafa ndi foni yako, iwo akuona.

Amalume